Belu la m'tchalitchi cha miyala

Nkhaniyi ndikaikumbuka, nkhope imanditenthabe.

Nditangoyamba ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndinalibe mnzanga. Mkazi wanga anatsala ku Kasungu. Anthu othyola tiyi ankabwera pa sikelo pamene ndinkawayezera tiyi wawo, n'kumacheza okhaokha m'Chilomwe, ine n'kumangosekerera ngati ndikumva.

Loweruka lina masana, chiperoni chili mbuu, kusungulumwa kunanditulutsa m'nyumba. Ndinalowa m'katchalitchi ka miyala kamene azungu akale anamanga pakati pa tiyi, akuti motengera matchalitchi amakedzana a kwawo ku Mangalande. Makoma ake ndi ochindikala, mazenera osongoka kumwamba, magalasi amitundumitundu. Mabenchi ali ndi tizitseko ngati makola a mbuzi. Pakhomo pali beseni lamwala lobatizira. Ndinakwera pagome lolalikirira n'kupereka moni kwa mabenchi opanda anthu (musandiseke, tsiku limenelo ndinali ndisanayankhule ndi munthu).

Kenako ndinaona kakhomo kolowera mu nsanja ya belu. Masitepe ake ndi ozungulira, opanikiza, ndiponso mumdima. Ndili pakatikati, mleme unandidutsa kumaso, phazi n'kuterereka. Ndinagwira chimene dzanja linapeza. Chinali chingwe.

Belu linalira. Ndikati ndiponde, n'kutererekanso, belu n'kuliranso. Linkalira mwapang'onopang'ono, modukizadukiza. Sindinkadziwa kuti kuno belu likalira chotero ndiye kuti kwagwa maliro.

Nditatsika, mawondo ali ndi zitosi za mileme, ndinapeza anthu a kukomboni atadzaza pakhomo. Mayi wina, amene mwamuna wake anali atagonekedwa m'chipatala ku Makwasa, anali atakhala pansi akulira.

A Namakhwa, mkulu wa mpingo, anavula chipewa. “Watisiya ndani, achimwene?”

“Palibe, bambo. Ndinaterereka.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Kodi inu ndinu ndani?”

“Ndine wa pa sikelo uja.”

“Oho. Nanga kumwambako mumakayeza chiyani?”

Anthu anaseka, koma mayi uja ayi. Anadzuka, n'kukung'untha chitenje. “Mtima wanga unaima, bambo. Mukasowa chochita, muzibwera kudzatithandiza kupalira.” Ndinagwada pa udzu wonyowa n'kupepesa. Anthu anabalalika awiriawiri akucheza, ine n'kubwerera ndekha kunyumba kukachapa thalauza.

Mwamuna wa mayi uja anachira (ndinapita kukamuona, atandimvera kale mbiri). Kakhomo ka nsanja anakaika loko. Pa sikelo tsopano amanditchula kuti a Belu, ndipo ndimayankha msanga, poti dzina langa lenileni palibe amene analifunsapo.

Ndinaphunzira kusagwira chingwe chimene sindikudziwa kumene chathera. Komabe ndisaname: chifikireni kuno, tsiku limenelo lokha ndi limene anthu anathamanga kubwera kumene ine ndinali.