Tsiku limene ndinakhala nduna ku Ntchisi

Nkhani iyi ana anga amaidziwa theka lokha, theka lija londikomera. Lero ndinena yonse, amene akufuna kuseka aseke, ine manyazi anandithera kalekale.

Zinali m'zaka za m'ma 1970. Mkati mwa sabata ndinali kalaliki ku Lilongwe, Loweruka ndinkaphunzira kuulutsa ndege pa bwalo la ndege lakale la kumeneko. Mphunzitsi wanga anali mzungu wosalankhulalankhula amene tinkamutcha Chindevu. Tsiku lina anangoti ndapsa, ndipite ndekha: kuchoka ku Lilongwe, kudutsa mapiri a ku Dowa, kukatera pa kabwalo kaudzu ka ku Ntchisi, n'kubwerako. Popanda ulendo umenewu laisensi sindikanainunkha.

Kuyambira pamenepo mantha anandigwira. Kuzungulira bwalo ndekha ndinali nditachitapo, koma pamenepo Chindevu amakhala pansi akukuyang'ana. Uku kunali kupita kopanda wokuuza kuti wasochera.

Ndinapita kwathu ku Mvera kukatsanzika. Amayi anauza mpingo wonse, nati atumizanso uthenga kwa abale athu a ku Ntchisi kuti akandione ndikutera. Amalume, mkulu wa mpingo, anandipempherera pemphero lalitali lomveka ngati la pamaliro, kenako anandibwereka suti yawo yakuda ndi taye.

"Zikavuta kumwambako," anatero, "anthu akakupeze utavala ngati mwana wa munthu."

Kulimbikitsa kwa kwathu n'kumeneko.

M'mawa wa tsikulo ndinayendera kuchimbudzi mpaka njira inandizolowera. Chindevu anayang'ana sutiyo, anatseka chitseko cha ndege n'kumenya phiko ndi dzanja ngati akuthamangitsa bulu.

Kanyamukidwe kanga kanali ka munthu woledzera. Koma nditafika pamwamba pa Dowa ndinangoti kukamwa yasa. Mapiri amene ndinkawakwera ndili mwana, thukuta lili kamukamu, anali atagona pansi panga phee. Mizere ya m'minda inkazungulira mapiriwo ngati tsitsi loluka bwino. Ndinaona zigafa za fodya, timitsinje tonyezimira, ndi mthunzi wa ndege yanga ukudumpha zigwa osapunthwa. Patsogolo nkhalango ya phiri la Ntchisi inali yakuda bii, mtambo utakhala pamutu pake. Ndinangopezeka ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi, misozi ili m'maso. Sindinkadziwa kuti kwathu n'kokongola choncho.

Pafupi ndi phirilo mphepo inandigwira. Ndege inagwera m'dzenje losaoneka, mutu wanga n'kugunda denga, nyimbo n'kuthera panjira. Pamene ndinkatera, ndikudumphadumpha pa udzu ngati chule, ndinali nditalumbira kale kuti pobwerera ndikwera basi. Laisensi ikhale, Chindevu adzatenge yekha ndege yake.

Nditazimitsa injini ndinamva ng'oma. Amayi ovala nsalu zachipani ankabwera akuvina, nthungululu zili pakamwa, ana asukulu akukupiza timbendera. Ankaimba kuti mwana wathu wafika. Mumtima ndinati: koma amayi anga aja, uthenga wa kwa abale mpaka wagwedeza boma lonse la Ntchisi!

Bambo wina wonenepa, amene anati ndi wapampando wa chipani, anandigwira dzanja ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono.

"Takulandirani, olemekezeka. Kodi ndege mumayendetsa nokha?"

"Ndekha, bambo. Ndipo kufika kutali chonchi lero ndi koyamba."

Anatembenuka n'kuuza khamu lija, nthungululu zake zoboola makutu. Anandiyendetsa pa zitenje zoyalidwa pansi mpaka pa mpando wa khushoni m'chisakasa. Zakuti olemekezeka sizinandidabwitse, ndinkayesa ndi mmene amatchulira mapayiloti kumudzi. Atandipempha kuti ndilankhule ndi anthu sindinakane, pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndinawauza zimene ndinaona kumwamba. Ndinati minda yawo imaoneka ngati yojambula, nyumba zawo ngati bowa, ndipo mtambo ukaufikira pafupi ndi nkhungu wamba, yomweyi imatinyowetsa popita kumunda. Nkhalamba zinkagwedeza mitu, ena akuyang'ana kumwamba ngati akukuona koyamba. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino.

Koma pakamwa pakatentha sipamva. Ndinawauzanso za maulendo a kuchimbudzi a m'mawa aja, ndi kuti suti imene akuionayi ndi yobwereka kwa amalume. Wapampando anaseka kuseka kwa mano okha, n'kundinong'oneza kuti mwina ndikambeko za chitukuko, makamaka za mlatho umene ndabwera kudzatsegula.

"Mlatho uti, bambo?"

Asanayankhe, galimoto yakuda yodzaza fumbi inatulukira, Landirova ya apolisi ili pambuyo. Munatuluka bambo wachinyamata, wovala suti yakeyake. Imeneyo ndiyo inali nduna yatsopano imene anthuwa ankadikira. Anauzidwa kuti ibwera pa ndege, ndipo dzina lake ankangolimva pa wailesi, koma wailesi siionetsa nkhope.

Ng'oma zinasiya imodziimodzi. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha nthabwala ya m'basi, nanji kukhalira mpando wa nduna n'kulankhula kwa anthu ake. Ndinadzuka pa mpando uja msangamsanga. Ndinafotokoza zonse, kuyambira za Chindevu mpaka za amayi anga, amene abale awo sindinawaone ngakhale mmodzi pa khamulo.

Nduna inandiyang'ana, kenako inayang'ana kandege kaja kwa nthawi yaitali.

"Kamene kaja, pamwamba pa mapiri awa, wekha?" inafunsa chapansipansi, kuti ndimve ine ndekha. "Ine m'mawa ndakana kukwera ndege yaikulu kuposa imeneyo." Kenako inakweza mawu kuti onse amve: "Ngati ndiwedi wophunzira ndege, uluka tione. Ukalephera, malo alipo m'Landirova."

Abale anga, mantha aja sindikudziwa kumene analowera. Ndinazungulira ndege kuona mapiko ndi mafuta mwadongosolo. Ndinaliza injini, ndinathamanga pa udzu mowongoka, mawilo n'kuchoka pansi osamva n'komwe. Khamu lija linachepa, Landirova inasanduka kachikumbu, phiri la Ntchisi linatsika pang'onopang'ono pambali panga, dzuwa likuwala pa nkhalango yake. Mphepo ija inandigwedezanso, ine n'kuiuza kuti gwedeza mmene ungathere, iwe ulibe unyolo.

Ndili pamwamba pa Nachisaka, kumbuyo kwa mpando kunamveka kokoliriko. Pamene ndinkalankhula m'chisakasa muja, amayi ovina anali atalowetsa kale mphatso ya nduna: tambala wakuda, womanga miyendo. Ndinaganiza zobwerera kukamupereka kwa mwini wake, ndinakumbukira nkhope ya wapolisi wa m'Landirova muja, ndinawonjezera moto.

Ku Lilongwe ndinatera bwino moti Chindevu anabwera akumwetulira, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anatsegula chitseko, anayang'ana tambala, anayang'ana ine.

"Wophunzira saloledwa kunyamula pasinjala," anatero. "Loweruka ubwereza. Ku Ntchisi komweko."

Kumwamba kulibe choopsa, anthuni. Zoopsa zonse zimadikira munthu pansi, ndipo zina zimamulandira ndi ng'oma.