Chidindo Changa cha Chinangwa

Mpaka lero ndikamadutsa pa amayi ogulitsa chinangwa pamsika wa Milanje, ndimayang'ana kumbali.

Tinali titangobwerera kumene kuchokera kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, nyumba ili makoma okhaokha, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana. Mwamwayi bungwe lina lokumba zitsime linandipatsa ganyu yotaipa malipoti. (Sitifiketi yanga ya taipi ndinawoloka nayo mtsinje wa Ruo ili pamutu, mapoto ndinasiya.) Mumtima ndalamayo ndinali nditagulira kale malata.

Wolipira anali Sinyoro wina, bwana wa magalasi, amene ankabwera kamodzi pamwezi kuchokera ku Kelimani. Anati, "Dona, inu si wantchito wathu. Lembani fatura, mawa mudzadinde karimbo yanu pamaso panga. Mkuja ndikupita."

Fatura sinandivute, ndi pepala lonena ntchito imene wagwira ndi mtengo wake. Koma chidindo? Munthu wopanda ndi chitseko chomwe?

Alamu anga osema mipini anangoseka. "Mlamu, misozi yachani? Patseni chinangwa chonenepa." Anasemapo dzina langa, tinayesa ndi jivi, mankhwala a zilonda aja, chinatuluka ngati cha boma.

M'mawa ndinachimanga kunsonga ya chitenje chimene ndinaberekera Tininya, mwana wanga wa mano awiri. Njira yonse panjinga mwana ali zii. (Amayi anzanga, mwana akati zii, imani.)

Nditangolowa mu ofesi, Sinyoro anatsitsa magalasi. "Dona, mwanayu ali bwino?"

Kuti ndicheuke, milomo, lilime, chibwano, jivi yekhayekha! "Mayo ine, ndapha mwana!" Ndinapisa chala mkamwa n'kutulutsa kachidutswa ka dzina langa. Tininya anaseka, n'kundiluma.

"Wamoyo ameneyo," anatero Sinyoro. "Nanga karimbo?"

Ndinadinda ndi chotsalacho. Papepala panatuluka bwalo lodyeka mbali imodzi, timipata tiwiri ta mano tikuoneka bwinobwino. Bamboyo anayang'anitsitsa, ine ndikupemphera kuti nthaka indimeze.

"Iyi palibe wakuba angaikopere," anatero, n'kudindanso m'faelo mwake. "Fatura iliyonse izibwera ndi yomweyi, osasintha."

Anandilipira. Malata tinakhoma mvula isanagwe.

Tsoka linadza ndi ganyu yachiwiri. Chidindo chija chinali chitafota ngati phazi la nkhuku. Alamu anasema china, tinampatsa Tininya kuti alume, koma anali atamera mano ena, anadya theka. Tinazungulira mudzi wonse kusuzumira mkamwa mwa ana a eni, osapeza wa mano awiri. Kenako alamu anayang'ana pakhonde pamene apongozi anga aamuna ankayasamula, mkamwa muli mano awiri okha.

Ndinagwada patali, monga mwa ulemu, chinangwa chili m'mbale. "Bambo, tatilumireniko."

Sanafunse kanthu. Anangoti, "Kopanda mchere?"

Fatura inadutsa. Mwina mukuti ndinaphunzirapo n'kukagula chidindo chenicheni. Ayi, Sinyoro anati osasintha. Chimene ndimachita n'kuwaphikira apongozi phala lofewa, ndipo nzimbe ndinawaletsa. Dzino likangoguluka limodzi, ntchito yanga yatha.