Nsomba ya a Vernon Szabo

Aliyense amene anametetsapo tsitsi m'tauni mwathu muno akudziwa kuti malemu Vernon Szabo anali munthu wosatseka pakamwa. Ukangokhala pampando wa m'babashopu yawo, iwo n'kukumanga kansalu m'khosi, basi wagwidwa. Nkhani inkayambira pa nyengo, n'kudutsa pa timu ya mpira ya kusekondale, n'kukathera pa chimbalangondo chimene akuti anachithamangitsa ndi ambulera ku Michigan. Chimbalangondocho chinkanenepa chaka ndi chaka. Tinkawakonda kwabasi, koma kunena zoona panalibe amene ankakhulupirira zokamba zawo.

Atakalamba, dokotala anawauza kuti mtima wawo ukufuna mpumulo. Mwana wawo Renata, amene ankameta nawo pampando wachiwiri, anawalangiza kuti aziweta nsomba, poti nsomba siziyankha. Iwo sanafune zamasewera. Anagula thanki yagalasi ya madzi amchere, kuno ku Ohio kumene nyanja yamchere timangoionera pa kanema. Anaiika pakona pafupi ndi makina a khofi, anaunjikamo miyala yamabowobowo, n'kudikira milungu ingapo kuti madzi akhazikike. Nthawi yonseyo ankatifotokozera za kayezedwe ka mchere mpaka tonse tinkatuluka tili ndi ludzu.

Nsombayo anakaitenga kusitolo ya mayi Odessa, ogulitsa nsomba zoweta, m'mawa wina babashopu isanatsegulidwe. Atangoitulutsa m'kathumba kapulasitiki, inalowa m'bowo la mwala osatulukanso. Pamene ife tinkafika tinapeza madzi ndi miyala basi, a Vernon ali pambali kutambasula manja. Anati ndi kansomba kotalika ngati chala, kutsogolo kapepo, kumbuyo kachikasu, ndipo anali atakatcha kale dzina loti Loretta.

Woyamba kusuzumira anali a Clyde Hatcher, mnzawo wa kuyambira ku pulayimale, amene anapuma pa ntchito yogawa makalata. A Clyde anali ndi dazi losalala ngati dzira, komabe m'babashopu sankajombamo chifukwa cha khofi waulere.

"Nsomba ija ili kuti?" anafunsa a Clyde.

"Ili mumwalamo. Ndi yamanyazi."

"Yapepo ndi chikasu eti? Ikuchita lendi limodzi ndi chimbalangondo chija?"

"Iwe dazi, imwa khofi wako."

"Anangokugulitsa madzi m'thumba, mnzanga. Ungovomera."

Tonse tinaseka, ndipo a Vernon anaseka nafe, koma zinawalowa. Moyo wawo wonse ankakometsera nkhani anthu n'kumangogwedeza mutu, tsopano apa anali atanena chinthu choona ndendende koma panalibe wowavomereza. Analumbira kuti Clyde adzaiona nsombayo ndi maso ake.

Apo ndiye panayambira chipwirikiti. Ankaunika m'mabowo ndi tochi. Ankalowetsa kuseri kwa thanki kalilole uja woonetsera anthu kunkhongo. Tsiku lina anasiya abusa atawameta mbali imodzi chifukwa akuti anaona mchira, abusawo n'kukhala pampando akudikira moleza mtima ngati ali pamaliro. Ataona kuti sizikutheka anaganiza zoinyengerera ndi chakudya, ndipo anathira chambiri mpaka madzi anachita mbuu. Kenako anakwinya malaya n'kuyamba kutulutsa miyala umodziumodzi, kuika m'ndowa. Thanki inatsala yopanda kanthu. Nsomba inali itakakamira m'kati mwa mwala wina m'ndowamo, ndipo inabwerera m'thanki ndi mwala wake womwewo popanda woiona. A Clyde tsiku limenelo anaseka mpaka anatsamwa donasi.

Renata ndiye anawakokera bambo ake kwa mayi Odessa. Mayiwo anawafotokozera kuti nsomba yachilendo imatero, yachokera kutali, yagwidwa ndi ukonde, yatsekeredwa m'thumba, ndiye imafuna iyambe yakhulupirira malo. Anati ina imabisala masiku, ina milungu, ndipo ukamaisakasaka umangowonjezera. Anawauza kuti asiye miyala, achepetse kuwala ndi chakudya, asagogode galasi. Kenako anawayang'ana kuchokera pamwamba pa magalasi awo.

"Ndipo inuyo bambo Szabo, muzikhala chete."

"Chete wake wotani?"

"Chete weniweni. Mawu anuwo ine ndimawamva muli kutsidya kwa msewu. Nanga kansomba kali pafupi?"

Zimene zinatsatira sitidzaziiwala. A Vernon anakhala chete. Anthu ankalowa, kupereka moni, iwo n'kungoloza mpando ndi chipeso. Ena anabwerera pakhomo poganiza kuti kwagwa zovuta. Nkhope yawo inkafiira, nkhani zikuchita kuwira m'kati ngati ketulo yotsekedwa. Zikafika povuta ankatuluka panja m'chisanu, kukagwira aliyense wodutsa n'kumukhuthulira zonse, kenako n'kubwerera monyang'ama.

M'bata limenelo anthu anayamba kulankhula okha, monong'ona, ndipo a Vernon anamva zambiri zimene zinkawadutsa. Anadziwa kuti bambo wina amene ankamutchula Doug kwa zaka zambiri dzina lake ndi Dwight, kungoti sanapezepo mpata wowakonza. Anadziwanso kuti Renata samakonda mpira n'komwe. Anauza mwana wawoyo, akutseka babashopu, kuti sankadziwa kuti anthu a m'tauni muno ali ndi nkhani chonchi.

Loretta anatuluka masana ena kunja kukuzizira koopsa. Makasitomala kunalibe, Renata anali atapita kukagula chakudya, ndipo a Clyde anali akusinza nyuzipepala ili pamimba. A Vernon atacheuka anaona kamutu kapepo katasuzumira pabowo, kenako thupi lonse. Anayesetsa kudzigwira, misozi ikulengeza. Koma munthu amene wasunga mawu milungu yonseyo sangatulutse pang'ono.

"Clyde!"

Mawindo ananjenjemera. A Clyde anadzidzimuka, nyuzipepala uko, magalasi uko, ndipo pamene ankafika pathanki panali miyala yokha.

"Mwala wokongola ndithu," anatero a Clyde.

"Inatuluka, Clyde. Inali apa."

"Inakupatsa moni?"

A Vernon sanabweze chipongwe monga mwa masiku onse. Anakhala pampando wometera, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zina zonse zija uziseka, ndilibe nazo kanthu. Koma iyi yokha ndi yoona." A Clyde anawasisita paphewa akumwetulira, n'kunena kuti adzaiona mawa.

Chisanu chisanathe, mtima uja unawagwetsa a Vernon ali kunyumba, ndipo sanadzukenso. Kumaliro kunadzaza anthu, aliyense ali ndi nkhani yawo, koma panalibe wotha kuikamba mmene ankaikambira eni ake.

Renata atatsegulanso babashopu, a Clyde anali oyamba kulowa. Anathira khofi, anakhala pamalo pawo, ndipo m'chipindamo munkangomveka kapampu ka m'thanki. Atakweza maso anaona kansomba kakuyandama poyera pakati pa madzi, kutsogolo kapepo, kumbuyo kachikasu, kotalika ngati chala. A Vernon sanawonjezerepo kanthu ngakhale pang'ono. A Clyde anavula chipewa, ndipo khofi wawo anazizira ali m'manja. Zinawapweteka kwambiri kuti munthu woti amuuze kuti "unkanena zoona" panalibe.

Masiku ano Loretta sabisalanso. Amazungulira thanki yonse kuyambira m'mawa, ana n'kumamuloza ndi zala. Tsitsi timametetsa mwachangu, Renata ndi waluso kuposa bambo ake, ndipo palibe amene amachedwanso kuntchito. Koma timatuluka tikumva ngati taiwala kanthu.

Sabata yatha a Clyde anaimirira pafupi ndi galasi n'kuyamba kulankhula mokweza, nkhani yopanda mutu, mawu akuchita kusasa. Nsomba inangowayang'ana n'kupitiriza kusambira. Renata anazimitsa makina ometera.

"Ankolo, mukutani?"

"Ndimafuna ithawe, ikabisale ngati kale," anatero a Clyde. "Ikamayenda poyera chonchi, ndimadziwa kuti bambo ako muno mulibe."