Mphemvu za ku Dubai

Lolemba
Mayo ine! Mphemvu m'khitchini mwanga, mu Salford muno, ku Mangalande! Zitatu, zikutuluka mumpoto wamagetsi umene achimwene atibweretsera kuchokera ku Dubai. Lamlungu mapemphero a mphakati ali kwathu kuno koyamba, ndipo akubwera amayi a Nachisale, aja amapisa chala pamwamba pa filiji ya eni ake kuona ngati pali fumbi.
Koma nzeru zilipo. Izi ndi mphemvu za m'chipululu, zozolowera dzuwa. Januwale wa kuno athana nazo yekha.
- kuzimitsa hita
- kutsegula mawindo onse
- kudikira

Lachiwiri
Kuzizira kwake! Tikudya titavala majekete. Bambo a Tadala akungoti, "Mayi, mukupha mphemvu kapena ife?" Apirire. Sindikuona ngakhale imodzi. Zinthu zikuyenda!

Lachitatu
Ndazipeza. Zasamukira kuseri kwa filiji, komwe kumafunda. Zina zili m'kabokosi ka intaneti, zikuotha. M'nyumba yonse muno zikumva kutentha ndi izo zokha.

Lachinayi
Ndikuimbira achimwene ku Dubai. Akuti kuchipululu mphemvu zimalondola madzi. Chabwino:
- kupukuta sinki
- kumanga mpopi ndi pulasitiki
- aliyense amwe madzi ataimirira, kapu apukute

Tadala akudandaula m'Chingerezi. Ndikumuyankha m'Chichewa kuti asamve zonse.

Lachisanu
Bambo ali ndi chimfine, sakundiyankhula. Ndikutumizira achimwene chithunzi cha mphemvuzo. Akuseka. "Iwe, zazikulu zofiira zija ndiye za m'mipaipi ya kuno ku Dubai. Tating'ono timeneto amati ta ku Jeremani."
Jeremani! Ndiye kuti kuno ku Ulaya ndi kwawo. Mapepala zili nawo. Mlendo ndine.

Loweruka
Ndagonja, ndayatsa hita. Zonse zatuluka kudzathokoza, ndi ana omwe. Ndikukolopa ndikulira. Ndiimbe foni kuti ndadwala? Kunama za mapemphero, ayi ndithu. Ndikukazinga mandasi, ndikuwatsekera m'chigubu.

Lamlungu
Anthu khumi ndi awiri pabalaza. Amayi a Nachisale akutsogolera pemphero, onse atsinzina kupatula ine. Imodzi ikutsika pakhoma pang'onopang'ono, ngati nayonso yaitanidwa. Ambuye, nditengeni pompano.
Phwa! Silipasi ya amayi a Nachisale. Pemphero silinaduke n'komwe, mpaka Ameni.
Kenako akuyang'ana pansi pa silipasi nthawi yaitali. "Zaka khumi ndi zinayi osaiona mphemvu," akutero, maso ali ndi misozi. "Mwandikumbutsa ku Ndirande, mwana wanga."
Basi, aliyense ndi nkhani ya mphemvu zakwawo, kuseka mpaka mandasi kutha. Pafiliji sanapisepo chala. Andipatsa nambala ya munthu wopopera mankhwala, akuti abwera Lachitatu.
Mawindo ndatseka, bambo ayamba kundiyankhula. Mphemvu zikadalipo.
Mapemphero a mwezi wamawa agwirizana kuti akhalenso kuno. Akuti pano mpamene munthu akumva kuti ali kumudzi.