Kalata ya Nduna Sichoka pa Khoma

M'mudzi wina wa m'malire, umene sindiutchula dzina chifukwa cha ulemu, munafika anthu othawa nkhondo ya kuseri kwa phiri. Pokhala mudzi wodziwa dongosolo, anthu anayamba akhazikitsa komiti, nasankha Bambo Yotamu Kachipande kukhala Mlembi Wamkulu Wosunga Makalata a Chifundo.

Makalatawo ankabweradi. Phungu analemba kuti mtima wake wasweka. Amene ankafuna kumulanda mpando analemba kuti wake waphwanyikiratu. Aliyense ankalonjeza chimanga ndi mabulangete. Bambo Kachipande ankasita kalata iliyonse, kuiika m'galasi, n'kuipachika pa khoma, ndipo Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi ankabwera kudzasirira zidindo. Chimene chinkawapweteka Bambo Kachipande n'chakuti wachiwiri wawo, Bambo Gwirize, nawonso anali ndi khoma lawo. Koma itafika kalata ya nduna, ya chidindo chagolide, mpikisano unathera pomwepo.

Tsoka lake, ndunayo inasunga lonjezo. Lole ya chimanga inaima pakhomo.

"Ndipatseni kalatayo, madala," anatero dalaivala. "Ndikaisiye ku boma ngati umboni kuti katundu wafika."

"Mwana wanga, chimanga chimafumbwa. Kalata iyi adzaiona adzukulu."

Mayi Zuwana, amene ankalankhulira othawa nkhondo, anali ataima ndi thumba m'manja. "Abambo, ana akugonera mango aawisi."

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonozo, abambo, tinatha kudya mwezi watha."

Lole inabwerera ndi chimanga chake. Alendowo anamanga katundu n'kulowera ku mudzi wa kumunsi, kwa anthu achikunja amene amapereka kalata ya nduna ngati akupereka tsamba la fodya. Kumeneko ankadya kawiri pa tsiku.

Misasa ya alendowo itatsala yopanda anthu, mitima ya akuluakulu inapola, makalata n'kuleka kubwera. Lamulungu pakhomo pa Bambo Kachipande pankangodutsa nkhuku. Komiti inakhala pansi ndipo inapeza gwero la vuto: mudzi unalibe othawa nkhondo. Panafunika banja loti likakhale m'misasa kuti a boma akabwera apeze owerenga. Bambo Kachipande, munthu wodzipereka, anapereka banja lawo, nasiyira Bambo Gwirize udindo kwa kanthawi.

A boma anabwera, anawawerenga, nawauza kuti wolembedwa saloledwa kutuluka m'misasa. Bambo Kachipande sanaphwanyepo lamulo chibadwire. Munda unamera tchire iwo akuuonera patali, ndipo pofika Febuluwale banja lonse linali litadziwa kukoma kwa mango aawisi.

Khama lawo linapindula. Nduna inalembanso, ulendo uno ndi zidindo ziwiri zagolide, koma kalatayo inafikira kwa wogwirizira udindo. Posakhalitsa lole inatulukira. Bambo Kachipande anathamangira kumeneko ndi thumba, akazi awo Nachisale ndi ana ali pambuyo. Anapeza Bambo Gwirize atakumbatira kalata pa chifuwa, dalaivala atatambasula dzanja.

"Achimwene, perekani. Ana anga afooka."

"Musanaweruze, a Mlembi, tayang'anani kaye."

Bambo Kachipande anayang'ana. Pepala lake linali lochindikala, dzina la nduna lopindika bwino ngati mchira wa tambala. Mimba inalira, iwo sanaiyankhe.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "musaigwire ndi manja athukuta."

Nachisale sanakangane ndi munthu. Anakweza ana pa lole mmodzimmodzi, iwonso n'kukwera, nafunsa dalaivala ngati adzere ku mudzi wa kumunsi.

"Mayi a kunyumba, lamulo sililola kutuluka m'misasa," anatero Bambo Kachipande.

"Lamulo ndi la othawa nkhondo, bambo. Ife tikuthawa inu."

Komiti inakumana madzulo omwewo, ndipo inagwirizana zolembera mudzi wa kumunsi kalata yolonjeza thandizo.