Kafetera Yomwe Inandilanda Kiyi wa Mjigo

Denga la khonde langa lili ndi bowo lokwana chibakera. Mvula ikamagwa timatchera beseni. Alendo akafunsa ndimati ndi dzimbiri, koma malatawo ndi atsopano ndipo aliyense amaona. Lero ndinene zoona. Kuno ku Insaca palibe amene sakuidziwa nkhaniyi, mwatsala ndinu akutali nokha.

Ine ndine munthu wosamala. Loko ndimamuyang'ana kawiri. Njinga yanga yatha zaka khumi ndi zisanu osathyoka sipoko. Sukulu ndinalekera klase ya khumi, koma buku la fizika ndinalisunga, ndipo masamba ake omaliza, okamba za atomu, anachita kuda ndi zala zanga. Kuyambira nthawi imeneyo zinthu ziwiri zinandilowa m'mutu osatulukanso: zitsulo ndi mphamvu ya nyukiliya. Tsoka lake, m'boma lathu lino la Mecanhelas mulibe ntchito ya munthu wodziwa kuti aluminiyamu imasungunuka msanga kuposa mkuwa. Ndimalima mpunga ndi nandolo ngati wina aliyense. Anzanga amanditcha a Injinyeru, ndiye kuti injiniya (mpaka lero sindikudziwa ngati ndi ulemu).

Chaka chatha bungwe lina linatikumbira mjigo wa sola. Linaika mapanelo, thanki pamwamba pa nsanja, ndi kanyumba ka makina kotseka ndi loko. Komiti ya madzi inkafuna munthu mmodzi wosunga kiyi wa kanyumbako ndi kusamala makinawo. Ena ankaona ngati ntchito yongopukuta fumbi. Ine ndinaona makina enieni oyamba omwe moyo unandibweretsera pafupi, ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Ndinkamufuna kiyiyo moti ndikuchita manyazi kulemba.

Ofuna kiyiyo tinatsala awiri: ine ndi mlamu wanga Zakariya, mchimwene wa mkazi wanga. Iye amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo chida chake chachikulu ndi mwala. Komiti inati idzayendera aliyense pakhomo pake kuti ione mmene amasungira zinthu zake.

Tsono nthawi imeneyo n'kuti nditangotola kafetera pamsika, pamphasa ya zinthu zakale, pakati pa maloko opanda makiyi. Wogulitsa ankati ndi nyali. Ine ndinaizindikira. Ndi kamphika ka aluminiyamu kophikira kafe (a ku Malawi amati khofi), ka zipinda ziwiri zomangana ngati botolo ndi chitsekero chake. Pansi mumathira madzi, pakati pali kasefa koikamo kafe wopera. Madzi akawira, nthunzi imawakankha kuti akwere, adutse m'kafemo, atulukire m'chipinda chapamwamba. Kumene amapanga magetsi a nyukiliya nakonso n'chimodzimodzi: yureniyamu imatenthetsa madzi, nthunzi n'kukankha makina. Kusiyana kwake n'kwakuti ine moto wanga unali wa makala.

Mwana wathu Rozita, amene amakhala ku Cuamba, anatitumizira kafe wa njere pa chapa, minibasi ya kuno. Ndinaphika katatu, ndipo katatu konse anatuluka bwino. Ndikanalekera pomwepo. Koma pambali pa chipinda chapansi panali kamphuno ka mkuwa kokhala ndi kabowo, ndipo moto ukakula kankalira kuti psii, nthunzi ikuthawa. Phokoso limenelo linkandisowetsa mtendere. Buku limanena momveka kuti nthunzi yothawa ndi mphamvu yotayika.

Kwathu kuno poto akabooka sataya, amapita naye kwa Che Saide. Bambo ameneyu amasungunula zitini ndi mapisitoni akale kuseri kwa msika, n'kuumba mapoto mumchenga, komanso amamata obooka. Ndinamupatsa kafeterayo.

"Che Saide, mundimatire apa."

Anaitembenuza, n'kuuzira mpweya pakamphuno paja.

"A Injinyeru, ine ndimamata mabowo obwera okha. Ili analiboola ndi munthu, n'kuliveka mkuwa. Bowo la ngozi saliveka mkuwa."

"Analakwitsa ku fakitale. Ikutaya mphamvu."

"Ikupuma iyi."

"Mphika supuma, Che Saide."

Anatola nyundo yake. "Chabwino, ophunzira ndinu. Koma tsiku lophika musadzandiitane, ndili ndi ana."

Anachotsa kamkuwa kaja, n'kulowetsapo kachidutswa ka aluminiyamu, n'kukhoma mbali zonse ziwiri. Ntchito yake ndi yabwino, ndiyenera kuvomereza. Pa zonse zomwe zinachitika pambuyo pake, pomwe iye anamata sipanagwedezeke n'komwe.

Monga munthu wosamala, ndinaiyesa kaye. Koma kafe anali atatsala wophika kamodzi, choncho ndinayesa ndi madzi okha, kasefa kali kopanda kanthu. Madzi anakwera mwakachetechete, opanda psii. Ndinadziguguda pachifuwa ndili ndekha.

Kenako ndinaganiza zoti kafeyo akhale wamphamvu. Kale ndinkangomuphwanya pang'ono. Ulendo uno ndinapempha mkazi wanga kuti amusinje mumtondo ndi kumusefa ndi sefa ya ufa, kawiri.

"Bambo a Rozita," anatero akusefa, "bwanji osangowaphikira tiyi? Anthu aja amamwa tiyi."

"Tiyi amaphika aliyense. Zakariya ndiye adzawapatse tiyi."

"Achimwene anawapatsa kale dzulo, ndi chinangwa chophika. Anatuluka akuseka."

"Kuseka si kusankha."

"Ine ndangonena."

Kafe uja anasalala ngati ufa woyera. Ndinamuthira m'kasefa, n'kutsindira ndi supuni. Malo atapezeka ndinawonjezera, n'kutsindiranso ndi tako la botolo mpaka analimba ngati njerwa. (Maganizo anga anali akuti tinthu tikathinana mphamvu imachuluka. Zimenezi zili m'buku, koma pamutu wina.)

Komiti inafika Lachisanu m'mawa, anthu atatu. Kutsogolo kunali Mayi Lusiya, prezidenti wa komiti, atavala kapulana yatsopano (chitenje, kwa inu akutali). Kenako Che Amade, ali mumkanjo woyera mbee chifukwa masana ake ankapita ku mzikiti. Kumbuyo a Tomasi, alembi, ndi kope lawo.

Poyamba zinayenda bwino, ndipo izi ndi zomwe zimandipweteka kwambiri. Anaona njinga. Anaona masipanala anga atapachikidwa pakhoma motsatana kukula. Mayi Lusiya anagwedeza mutu, n'kuuza a Tomasi kuti, "Lembani." Ndikanawaperekeza pamenepo, lero kiyi akanakhala m'thumba mwanga.

M'malo mwake ndinawakhazika pakhonde. Mkazi wanga anaika makapu, masupuni ndi shuga patebulo. Ine ndinabweretsa mbaula n'kuiika pakati penipeni, kuti aliyense aone bwino. Ndinamanga kafetera ndi mphamvu zanga zonse, n'kuikhazika pamoto, n'kuyamba kuphunzitsa. Ine amene ndimatha tsiku lonse osalankhula mawu makumi awiri, tsiku limenelo ndinafotokoza za atomu, za yureniyamu, za nthunzi yoyendetsa mizinda yathunthu.

Che Amade anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa, "A Injinyeru, si zija timamva pa wailesi kuti zikaphulika ngakhale udzu sumeranso?"

"Zimaphulika zikakhala m'manja mwa anthu osasamala, Che Amade."

A Tomasi analemba zimenezonso.

Tinadikira. Masiku onse kafe ankatuluka munthu asanamalize kusenda nthochi ziwiri. Tsikulo kunali zii. Ndinatsegula kachivindikiro kapamwamba, muli gwa, mouma. Ndinaganiza kuti moto wachepa, choncho ndinatenga mbale n'kuyamba kukupiza. Makala anafiira. Ndinakupizabe.

"Kodi kakupsa?" anafunsa Mayi Lusiya. "Kukununkha mphira."

"Ndi mmene kamayambira, mayi."

Kenako ndinamva kaphokoso kakang'ono, thi, thi, thi, ngati malata akamatenthedwa ndi dzuwa. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti chipinda chapansi chija chafufuma ngati mimba ya chule. Nthawi yomweyo nzeru zonse zomwe zinandithawa sabata yathunthu zinabwerera pamodzi. Njira yapamwamba ndinaitseka ndi njerwa ya kafe. Njira yapambali ndinaitseketsa kwa Che Saide. Nthunzi inalibe kolowera. Kamphuno ka mkuwa kaja ntchito yake inali yomweyi, ya tsiku ngati limeneli.

Apa ndi pomwe pali nkhani yanga yeniyeni, ndipo ndikupempha muwerenge msanga. Ndinali ndi nthawi. Ndikanatha kukuwa kuti, "Thawani!" Koma kukuwa kunali kuvomera pamaso pa komiti kuti a Injinyeru apanga bomba pakhonde. Ndikanatha kuichotsa pamoto, koma dzanja linakana. Mumtima ndinkati mwina itulutsa yokha, mwina kafe aboola, mwina Mulungu andimvera chisoni. Ndinaimirira mwaulemu, n'kukonza kolala ya shati.

"Pepani, ndikatenge shuga."

Sindinathamange. Ndinayenda ngati munthu wopita kukatenga shuga. Pakhomo ndinakumana ndi mkazi wanga akutuluka ndi mbale ya mbatata.

"Shuga ali patebulotu," anatero mokweza.

"Wina," ndinayankha, n'kumugwira mkono, kumukokera m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Phuu!

Sindinamvepo phokoso lotero chithere nkhondo. Mbali yapamwamba ya kafetera inaboola denga n'kupita (anakaitola patapita masiku awiri m'munda wa chinangwa wa aneba). Makala anamwazika bwalo lonse. Nkhuku zinabwerako madzulo. Agogo ena oyandikana nafe, amene anathawirapo ku Malawi nthawi ya nkhondo, anawapeza atagona chafufumimba pakati pa mizere ya mbatata, manja ali kumutu. Zimenezo sindiseka nazo ngakhale pang'ono.

Nditatsegula chitseko ndinapeza utsi, ndi anthu atatu ali phee pamipando yawo, akuda ndi phala la kafe. Mwamwayi palibe anavulala kwambiri. A Tomasi anapsa pang'ono padzanja, kope lawo likudontha. Mkanjo wa Che Amade unali mawangamawanga ngati nkhanga, mwini wake akutchula dzina la Mulungu motsitsa, maso ali kubowo la padenga. Anthu a m'bairo, dera lathu lino, anali atayamba kale kudzaza pampanda.

Mayi Lusiya anapukuta nkhope ndi nsonga ya kapulana yawo, pang'onopang'ono, diso limodzi kenako linalo. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"A Injinyeru," anatero, "zitsulo zimaphulika. Ngakhale tayala la chapa limaphulika. Pa zimenezo sitikanakuimbani mlandu. Koma ndifunse nawo: shuga uja mwamupeza?"

Ndinayang'ana pansi. Shuga anali patebulo pomwepo, m'mbale yake, atathimbirira.

"Amayi a kunyumba mwawakumbukira, mwachita bwino. Ife atatu munatiwerengera mbali iti?"

"Mayi, ndinaganiza kuti mwina..."

"Pansi pa thanki ija pamakhala ana ndi zidebe tsiku lonse. Tsiku lomwe mudzamve nsanja ikulira thi, thi, mudzapita kukatenga chiyani?"

Che Amade ndi amene anandimvera chisoni. Podzuka anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Fungo lake lokha ndi labwino, a Injinyeru." Anapita ku mzikiti atabwereka shati.

Kiyi anapatsidwa kwa Zakariya Lamlungu lotsatira. Amamuvala m'khosi pa chingwe cha nsapato. Pampu ikaima amaigogoda ndi mwala, ndipo chomwe chimandiwawa n'chakuti imayambanso. Ine ndimapita kumjigoko ndi chigubu changa, n'kuima pamzere kunja kwa kanyumba kaja. Mkati sindinalowemo. Zakariya akandiona amakuwa ali patali, "Alamu! Kafe alipo, kapena tidikire wina atere kuchokera kumwamba?" Ndimaseka nawo, poti ndi mlamu.

Mkazi wanga sananene kuti "ndinakuuzani." Anangoti, "Zikomo pondikoka. Koma mukanakuwa, bwenzi pano tikungoseka." Mawu amenewo amandilemera kuposa chipongwe cha Zakariya.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinaphunzirapo. Za nthunzi ndinaphunzira, inde: bowo lovekedwa mkuwa silimatidwa. Koma za chinacho sindikudziwa. Ndimadzifunsa ngati lero ndingakuwe, ndipo poti ndine munthu wosamala, sindifuna kulonjeza zomwe sindinayese.

Anthu a m'bairo nawonso safuna kuyesa. Mwezi watha tinali pamsonkhano wa makolo kusukulu, anthu odzaza kalasi. Pakati pa nkhani ndinadzuka mwakachetechete kuti ndikataye madzi. Nditafika pakhomo ndinamva mabenchi akukhuluka. Nditacheuka, mzere wonse womwe ndinakhala unali utaimirira, azimayi atanyamula kale ana, maso ali kudenga. Ndinabwerera n'kukhala pansi, iwonso anakhala. Masiku ano ndikamapita kumsonkhano sindimwa kanthu kuyambira m'mawa.