Mtsinje wa m'Magalafau

Lolemba, 4 Juni 1956, Zóbuè

Juwana wanenanso. Akuti kuno kumapiri kulibe mtsinje, kuli timifuleni tongonyowetsa zidendene. Akufuna kubwerera kwawo ku Benga, m'mbali mwa mtsinje wa Revubué. Akuti chitengwa si kugula, makolo ake anangondibwereka. Ine ndikakhale mkamwini, ndisiye ntchito yanga yokonza njinga pano pamalire, pomwe njinga zimathyoka ngati zalumbira? Ayi. Koma kuti apite yekha, mtima ukukana. Mkaziyu ndimamukonda, ngakhale pakamwa pake.

Nzeru ndi iyi: ngati mkazi akufuna mtsinje, mtsinje ubwere kwa mkazi.

Chaka chatha ku Moatize ndinasuzumira m'nyumba ya mzungu wa kumgodi wa malasha. Mabokosi agalasi ndandanda, nsomba zamoyo m'kati, kamakina kamodzi pakona kakutumiza mpweya m'mabokosi onse. Wophika wake anandiuza kuti popanda thovu la mpweyawo nsomba zimabanika. Mpweya basi? Nanga ine ndimadyera chiyani ngati si mpweya?

Zofunika:
magalafau, mabotolo aakulu a vinyo aja, kukantina
chubu cha kamyau, lole ya katundu ija, chosungira mpweya, poti magetsi kuno timangowamva
nsungwi yoboola ndi timapaipi ta labala
pampu imodzi yabwino
nsomba. A Saidi oyendetsa kamyau alonjeza kubwera nazo.

Juwana asadziwe.

Lachiwiri

Kusankha pampu.
Ya njinga: imatopetsa mkono.
Mvukuto wa a Fulasisiku osula makasu: umapuma mwaye, nsomba zingatsokomole.
Yopondera ya kamyau: yamphamvu, imalira ngati bakha wa chimfine. Ndatenga imeneyi.

Magalafau khosi n'lopapatiza, nsomba singalowe. Kudula ndi chingwe cha palafini ndi moto, kenako madzi ozizira. Ndinali nawo anayi. Tsopano ndili nawo atatu, ndi chala chomanga nsanza.

Juwana waona mabotolo ndi mapaipi pakhonde. "Bambo, ngati ndi kachasu ameneyu, asipayi akabwera kudzakumangani ine sindikudziwani." Ndangomwetulira. Aona yekha.

Lachitatu

Zafika. M'chitini cha palafini: timatemba, timphende, ndi kamlamba kamodzi kandevu, kokwiya kale.

Ndamuitana Juwana. Wayang'ana nthawi yaitali. Wapisa dzanja m'chitini, wanunkhiza madziwo. Mtima wanga kuti myaa, ndati ndapambana. Kenako: "Mafuta okazingira tili nawo?"

Ndafotokoza kuti izi si ndiwo, ndi zoonera. Wafunsa ngati nkhuku nazonso tiyambe kuzionera.

Ndagawa nsomba m'magalafau, ndapopa chubu mpaka gwa, ndatsegula. Galafau loyamba likuwira ngati mowa wa masese, timatemba tikuzungulira mosafuna. Galafau lachiwiri, kathovu kamodzikamodzi. Lachitatu, la mlamba, zii. Mpweya ulinso ndi tsankho: umathera mwa woyandikira.

Lachinayi

Ndamanga paipi yoyamba ndi ulusi kuti mpweya upitirire. Galafau lachiwiri layamba, loyamba lasiya. Ndamasula pang'ono, zabwerera mwakale. Ili ngati nkhani ya mitala, ukasangalatsa uyu, uyo wakwiya. Lachitatu lilibe ngakhale chodandaula, silinalandirepo kanthu.

Chinanso: chubu chimaphwa msanga. Ukangoyamba kumata chigamba, thovu lasiya. Kuponda, kumata, kuponda. Bambo wina wa ku Nyasalande wadikira njinga yake mpaka wagona pabenchi.

Chubu chikaphwa pansi, madzi akumabwerera m'paipi. Ndachipachika kudenga. Chikulendewera pamwamba pa khomo, aliyense wolowa akuwerama ngati walowa m'tchalitchi.

Juwana: "Kwathu mtsinje sitiupopa."

Mwendo wamanja watupa. Mawa wamanzere.

Lachisanu

Mbiri yafika kumsika. Anthu pakhonde ngati pali maliro. Amayi ogulitsa mbatata akuti ndi mankhwala oitanira makasitomala. A Fulasisiku akuti akanakhala mvukuto wawo, bwenzi nsomba zitanenepa kale.

Ndaganiza mwanzeru: wofuna kuonera, aponde pampu. Zayenda bwino mpaka pafika msilikali wa pamalire, chimunthu cha nsapato zazikulu. Ndani angamuuze kuti basi? Waponda, waponda, waponda. Phuu, chubu chaphulika! Udzu wa denga m'magalafau, amayi a mbatata m'ngalande, msilikali wagwira mfuti kufunafuna mdani.

Juwana waseka mpaka wakhala pansi. Chibwerere kuno sindinamumvepo akuseka chonchi. Ndiye kuti zikuthandiza?

Timatemba tagona chagada. Zigamba zonse za makasitomala zathera pa chubu.

Loweruka

Nkhungu, kamvula kowaza, chisanu cholowa m'mafupa. Ndadzuka kukapopa, ndapeza magalafau afunditsidwa bulangete lathu laukwati. Si ine.

Thovu likutuluka bwino lero, m'magalafau awiri oyamba aja, mofanana, koyamba. Koma timphende tayandama.

Ndayamba kumasula nsungwi kufuna pomwe palakwika. Juwana ali pambaula, chiguduli paphewa, milomo yong'ambika ndi mphepo. Wanena osandiyang'ana: "Siyani, bambo. Mpweya kuno ulipo wambiri. Ndi za kotentha izi."

Ndasiya. Ndayang'ana timphende, ndayang'ana mkazi wanga. Zandiwawa.

Masana wazikazinga. Wadya pang'onopang'ono, kuyamwa kamunga kalikonse, misozi ikutsika.

Mlamba ali moyo. Masiku onsewa sanalandire thovu ngakhale limodzi. Amangokwera pamwamba, kumeza mpweya yekha, kubwerera pansi. Juwana akuti mwana aliyense ku Benga amadziwa kuti mlamba safuna womupumira. Bwanji osandiuza? Akuti ndimaoneka wosangalala.

Lamulungu

Sindinapope. Pakhonde pali bata, ngakhale agalu akudabwa.

Chubu ndabweza kwa a Saidi. Achitembenuza, afunsa ngati pansi pa zigambazo chubu chidakalipo. Magalafau atenga a Fulasisiku, sindinafunse kuti achita nawo chiyani.

Zolongedza kupita nazo ku Benga:
masipanala
bulangete, likauma
khasu, poti apongozi sadzandifunsa za njinga, adzandionetsa munda
mlamba, m'chitini chake

Anthu a kumgodi wa Moatize, kufupi ndi Benga, nawonso ali ndi njinga, a Saidi atero. Ndipo malo m'kamyau alipo mawa: Juwana kutsogolo, ine kumbuyo pamatumba, kugwirira chitini kuti madzi asatayike.

Juwana akuimba uku akumanga katundu. Wandipeza ndikupukuta pampu, wafunsa ngati nayonso ikupita. Ndati inde. Wati: "Itengeni, bambo. Mukayamba kubanika kwathu, ndizikupoperani."